Kukula kwa Maphunziro Ogwirira Nchito Pamodzi m'Zipatala za m'Makomboni a Lusaka

Pamene sukulu ya udokotala ya University of Zambia inayamba kulandira ophunzira m'caka ca 1966, aliyense wofuna nchito ya cipatala anali ndi khomo lacelace lolowerapo. Ofuna udokotala anali ku yunivesite, anamwino anali m'sukulu zao, ndipo m'kupita kwa zaka othandiza madokotala ndi oyang'anira ukhondo anaphunzira ku Chainama, pamene ogawa mankhwala ndi oyeza magazi anaphunzira ku Evelyn Hone College. Anthu awa anakomana koyamba pa bedi la wodwala, wina osadziwa bwino cimene mnzace anaphunzira.

Makomboni ndiwo anaonetsa kuperewera kwa njira imeneyi. Ku Kanyama nyumba ziri pa thanthwe la mwala wa laimu lokhala ndi ming'alu, ndipo madzi a pansi ali pafupi. Mvula ikagwa, zonyansa za m'zimbudzi zimalowa m'zitsime zosazama zimene anthu amatungamo. Dokotala angathe kuciritsa mwana wotsegula m'mimba, koma mwanayo akabwerera kukamwa pa citsime comweco, adzaonekanso pa cipatala mwezi usanathe. Tsono kunazindikirika kuti wociritsa sangapambane popanda woyeza madzi, ndiponso popanda munthu wa m'komboni wodziwa khomo liri lonse.

Maiko ena anaona cimodzimodzi. Msonkhano wa ku Alma-Ata wa 1978 unanena kuti umoyo wa anthu uyambira kumene akhala. Mu 1988 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti ophunzira a nchito zosiyana za cipatala aziphunzira pamodzi, ndipo mu 2010 linafotokozanso kuti aphunzire limodzi, wina kwa mnzace, ndi za nchito ya mnzace. M'Zambia, kusintha kwa kayendetsedwe ka zaumoyo kumene kunayamba mu 1992 kunadzetsa makomiti a zaumoyo a anthu okhala pafupi ndi kiliniki. Mu 1997 akuluakulu a zaumoyo a boma la Lusaka, mothandizana ndi bungwe la JICA la ku Japan, anayambitsa nchito ku George, kumene anamwino, oyang'anira ukhondo ndi anthu odzipereka anagwirizana poyeza ana pa sikelo ndi pophunzitsa ukhondo wa madzi.

Mayeso aakulu anadza ndi kolera imene inabuka mu October 2017. M'Lusaka munadwala anthu oposa 5,000, ndipo m'dziko lonse anamwalira oposa 100. Bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasandulika cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mu January 2018. Pa matenda otere nchito imayenda ngati unyolo. Wothandiza dokotala aona kukula kwa matenda, namwino aika madzi m'mitsempha, woyeza atsimikiza kacirombo, wogawa mankhwala aonetsetsa kuti madzi a mcere ndi shuga asathe, ndipo woyang'anira ukhondo alondola kumene wodwalayo anacokera kuti akathire klorini. Mmodzi akalephera kuuza mnzace cimene waona, wodwala wina amafa. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Mu 2019 Levy Mwanawasa Medical University inatsegulidwa, nitenga sukulu ya ku Chainama kukhala mbali yace, kotero kuti ophunzira a nchito zosiyana ali pa sukulu imodzi. Komabe kukhala pa bwalo limodzi sikukwanira. Phunziro lenileni lipezeka pamene wophunzira atumidwa ku zipatala ndi makiliniki monga a Matero, Chawama, Kalingalinga ndi Mtendere. Kumeneko aphunzira kulemba bwino pa kadi kuti wolandira nchito usiku amve, kufunsa namwino wacikulire popanda manyazi, ndi kumvera mai wodzipereka amene alibe setifiketi koma adziwa nyumba imene mwana anasiya kudya.

Kolera inabweranso mu 2023 ndi 2024, ndipo masukulu anacedwanso kutsegulidwa. Ici cikumbutsa mphunzitsi wa kumudzi kuti nayenso ali m'gulu limeneli, pakuti ndiye ayamba kuona ana atatu a mudzi umodzi atajomba tsiku limodzi. Akafulumira kutumiza mau kwa namwino, wagwira mbali yace. Ndipo akagawira ana nchito imodzi m'magulu, wina kutunga, wina kusesa, wina kuwerengera, ayamba kuwaphunzitsa cimene sukulu za udokotala zinacedwa kucizindikira.