Kusiyanitsa Nyerere Zantchito Zofanana Kumpoto kwa England

M'mizinda ya Manchester, Leeds ndi Sheffield, nyerere yakuda yotuluka m'ming'alu ya m'mbali mwa msewu nthawi zambiri imakhala Lasius niger, yotalika mamilimita 3 mpaka 5. Poizindikira, kuda kapena kufiira kwa thupi sikodalirika. Akatswiri amayamba ndi chiuno: Lasius ili ndi mfundo imodzi, pomwe Myrmica, yofiirira komanso yambola, ili ndi ziwiri.

Ntchito imakula pakati pa nyerere zapachibale. Myrmica rubra ndi Myrmica ruginodis zimafanana ngati mapasa, koma timinga tiwiri ta kumsana n'tatifupi pa rubra, n'tatitali pa ruginodis, ndipo mfundo yoyamba ya ruginodis ndi yathyathyathya pamwamba. Lasius niger nayonso ili ndi mnzake, Lasius platythorax, amene Bernhard Seifert wa ku Germany anamuzindikira kukhala mtundu pawokha mu 1991. Pamwamba pa kamwa, niger ili ndi ubweya wothithikana, platythorax wapatalipatali. Apa maso okha sakwanira, pamafunika maikulosikopu.

Kulakwitsa dzina kumawononga ndalama, makamaka kwa wokhala m'nyumba yalendi. Kanyerere kachikasu ka mamilimita 2, ka mfundo ziwiri, kopezeka m'nyumba zotenthetsedwa ndi m'zipatala, kawirikawiri ndi Monomorium pharaonis. Mankhwala opopera amangogawa chisa chake kukhala zisa zingapo. Chimene chimathandiza ndi nyambo yapoizoni, imene zantchito zimanyamula zokha kukadyetsa mafumukazi awo.