Masamu a zinthu zosakwana

Aliyense amene analemba masamu a MSCE akukumbukira funso la linear programming: jambula mizere, paka mbali yosafunika, peza ngodya yopatsa phindu lalikulu. Ambiri tinkaliona ngati ntchito ya rula ndi pensulo basi. Ine ndikuona kuti pa aljebra yonse ya kusekondale, mutu umenewu ndiwo uli pafupi kwambiri ndi moyo wa munthu wa m'thumba mochepa, ndipo mbiri yake ikundichitira umboni.

Kujambula equation sikunabadwe pamodzi ndi aljebra. Mu 1637 René Descartes anasindikiza La Géométrie, momwe anaonetsa kuti equation ya manambala awiri osadziwika ingathe kuimira mzere. Pa nthawi yomweyo Pierre de Fermat, payekha, anaonetsa kuti x ndi y akakhala opanda mphamvu yoposa 1, mzerewo umakhala wowongoka. Zizindikiro za < ndi > zinali zitaoneka kale mu 1631 m'buku la Thomas Harriot, lomwe linatuluka patatha zaka 10 mwini wake atamwalira.

Zida zinalipo, koma kwa zaka zambiri chidwi cha akatswiri chinali pa zinthu zofanana ndendende. Joseph Fourier analembapo za njira yothetsera ma inequality angapo pamodzi m'zaka za m'ma 1820, koma ntchitoyo inangokhala m'mabuku.

Chimene chinaudzutsa mutuwu ndi kusowa. Mu 1938 akuluakulu a mafakitale a plywood ku Leningrad anafunsa Leonid Kantorovich, mphunzitsi wachinyamata wa masamu, momwe angagawire ntchito pa makina awo kuti atulutse katundu wambiri. Makina aliwonse anali ndi malire ake, ndipo malire aliwonse ankalembeka ngati inequality. Yankho lake analisindikiza mu 1939. Olamulira a Soviet Union sanalilabadire kwa zaka zambiri, mwa zina chifukwa manambala otuluka m'njira yakeyo ankafanana ndi mitengo ya pamsika, zomwe zinkawombana ndi chiphunzitso cha boma. Mu 1975 analandira mphotho ya Nobel ya zachuma pamodzi ndi Tjalling Koopmans.

Ku America funso linali la m'mimba. Mu 1945 George Stigler anafuna kudziwa ndalama zochepetsetsa zodyetsera munthu wamkulu chaka chathunthu popanda kuperewera zofunika m'thupi. Anayerekeza zakudya 77 napeza madola 39.93 pa mitengo ya 1939. Mu 1947 George Dantzig, yemwe ankagwira ntchito ku gulu la asilikali a m'ndege, anapeza njira ya simplex, yoyenda kuchoka pa ngodya ina kupita pa ina mpaka phindu litasiya kukwera. Anthu 9 owerengera ndi makina a pamanja atayesa njirayi pa funso la Stigler anapeza madola 39.69.

Masamu omwewa akukwana pa munda wa kumudzi. Tinene kuti mayi ali ndi maekala awiri, x a chimanga ndi y a soya. Ndiye kuti x + y ≤ 2. Gradient ya mzere wa malirewo ndi -1, kutanthauza kuti ekala iliyonse yopita ku soya yalandidwa ku chimanga. Ngati ekala ya chimanga ikufuna matumba awiri a feteleza koma iwo ali ndi atatu, 2x ≤ 3. Dera lotsala pakati pa mizereyo ndi zonse zimene angathe kuchita chaka chimenecho, ndipo chisankho chopindulitsa kwambiri chimapezeka pa imodzi mwa ngodya zake.

N'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona gradient ikuphunzitsidwa ngati m wa mu y = mx + c woti tingoloweza. Pa funso ngati la mayiwa, gradient ndi mtengo wa chisankho: utaya zingati kuti upeze chimodzi. Ife otuluka ku yunivesite tikalowa m'maofesi momwe mankhwala, mafuta ndi ndalama zakunja sizikwana. Amene anamvetsa chifukwa chake tinkapaka mbali ina ya mzere adzayamba walemba malire ake asanalonjeze anthu chilichonse.