Mlendo wodziphikira ndi doko la kwa Chembe

Ikafika Isitala, Khirisimasi kapena Tsiku la Anakubala, msewu wa ku Mangochi umasanduka wa anthu a m'tauni. Magalimoto ochokera ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe amakhala ali ndondondo, kumbuyo atasenza mbaula, thumba la makala, mpunga, nkhuku ndi makireti a zakumwa. Ambiri mwa anthu amenewa sapita kuhotela ayi. Amalunjika ku timanyumba tija timati makoteji, kumene munthu umalipira denga, bedi ndi mapoto, koma za m'mimba umadzionera wekha.

Ena mwa inu awerengi mwina mumayesa kuti mchitidwe umenewu ndi wa dzulodzuloli. Ayi ndithu. Pali gombe lina limene lakhala likulandira alendo odziphikira kwa zaka 150 tsopano. Gombelo ndi la mudzi wa asodzi wa Chembe, m'dera la Mfumu Nankumba m'boma la Mangochi, malo amene mapu amawatcha Cape Maclear. Mbiri ya alendo a kumeneko ikaunikidwa bwino imabwerera pa mafunso awiri basi: kodi poto wa mlendo amadzaza ndani, nanga mlendoyo akachoka doko limatsala m'manja mwa yani?

Dzina loti Cape Maclear nalonso ndi lachilendo. David Livingstone atadutsa pamalopo ndi boti m'chaka cha 1861, anapatcha dzina la bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi wa ku Cape Town, munthu amene sanapondepo phazi pamchenga umenewo. Chinamukopa Livingstone ndi chomwecho chimene chimakopa msodzi: doko labata. Mapiri ali kumbuyo kwa mudziwo amatchinga mwera, mphepo ija imagubuduza mabwato miyezi yozizira, ndipo kutsogolo zilumba za Thumbi ndi Domwe zimathyola mafunde.

Alendo oyamba kumangapo nyumba anali amishoni a mpingo wa Free Church of Scotland. Ankatsogoleredwa ndi Edward Young, ndipo pakati pawo panali dokotala wa zaka 24 dzina lake Robert Laws. Sitima yawo, Ilala, inanyamulidwa pamutu zidutswazidutswa ndi anthu mazanamazana polambalala mathithi a mtsinje wa Shire, ndipo inalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875. Mfumu Mponda itawaloleza, anakocheza pa Cape Maclear n'kupatcha Livingstonia.

Anthu amenewa anabwera ndi mabokosi a mankhwala, mabuku, nsalu ndi mikanda, koma bokosi siliphikidwa. Kuti adye zinatengera kuti anthu a m'midzi awagulitse ufa, nkhuku ndi nsomba posinthana ndi nsalu. Anayesa kulima, koma nthaka inali yosabereka. Anayesa kuweta ng'ombe, kashembe anazimaliza. Malungo nawo sanawasekerere. M'chaka cha 1877 anamwalira Dr William Black, komanso Shadrach Mngunana, mphunzitsi wa Chixhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa. Manda awo alipo mpaka lero m'munsi mwa phiri. Mu 1881, chaka chimene anabatiza Mkhristu wawo woyamba, a Albert Namalambe, amishoniwo anasamukira ku Bandawe, ndipo pambuyo pake ku Khondowe. A Namalambe ndiwo anatsala akuyang'anira malowo. Pajatu akulu anati mlendo ndi mame.

Patapita zaka pafupifupi 70 kunabwera alendo a mtundu wina, ochokera kumwamba. Kuyambira mu Novembala 1949, ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC, zimene zinkayenda pakati pa Southampton ku Britain ndi Johannesburg, zinayamba kuima pa Cape Maclear. Pagombepo panali hotela ya azungu. Tonse tikudziwa mmene mahotela a nthawi ya atsamunda analili: munthu wakuda ankalowamo ngati wonyamula mbale kapena wosesa. Komanso kumbukirani kuti 1949 ndicho chaka cha njala yaikulu ija imene agogo athu a m'chigawo cha kummwera amaisimba mpaka lero. Pamene ena ankakumba zikhawo m'tchire, pano pankatera anthu odyera pa tebulo loyala nsalu yoyera. Koma ulemererowo unangotha chaka chimodzi. Pofika kumapeto kwa 1950 BOAC inaleka kuyendetsa ndege zotera pamadzi, poti mabwalo a ndege a pamtunda anali atachuluka. Alendo atasowa, hotela nayo inatsekedwa. Msodzi anapitiriza kupalasa bwato lake ngati kuti palibe chachitika, ndipo kunena zoona kwa iye panalibedi chimene chinachitika.

Koteji monga tikuidziwira lero inakhwima m'nthawi ya ulamuliro wa malemu Dr Kamuzu Banda. Msewu wochoka ku Mangochi kupita ku Monkey Bay utakonzedwa, makampani, mabanki ndi anthu opeza bwino anayamba kutenga malo m'mphepete mwa nyanja n'kumangapo nyumba zopumuliramo mabwana ndi mabanja awo. Kachitidwe kake kanali kamodzimodzi pafupifupi paliponse. Panyumbapo pankakhala mlonda ndi khukhi, kawirikawiri anthu a m'mudzi wapafupi. Bwana ankabwera Lachisanu madzulo ndi zakudya zake, m'mawa asodzi n'kubwera ndi chambo kapena kampango pakhonde, mtengo n'kukambirana pomwepo. Lamulungu masana galimoto ija inkabwerera, nyumba n'kutsekedwa. Ku Cape Maclear, cha kufupi ndi Otter Point, kunali malo otchedwa Golden Sands, okhala ndi timanyumba tozungulira ndi bwalo lokhomapo matenti, kumene ngakhale kalaliki wa boma ankatha kugonako.

Alendo akunja nawo sankasowa. Dziko lino linali litakhazikitsa ubale ndi South Africa mu 1967, nthawi imene maiko ambiri a mu Africa ankakana tsankho la kumeneko, choncho azungu a ku Joni ankalowa mosavuta. Koma zinali ndi malamulo ake. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa asanaloledwe kulowa m'dziko. Kunyanja lamuloli linkafewa. Linachotsedwa mu 1993, chaka cha riferendamu.

Chinthu chimene chinasintha moyo wa kwa Chembe kuposa hotela kapena mishoni chinachitika mu 1980, pamene boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park. Cholinga chinali kuteteza nsomba, makamaka mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala, timene mitundu yake ilipo mazanamazana ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Mu 1984 bungwe la UNESCO linaika pakiyi pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Midzi ya Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chizale sinasamutsidwe, koma inazingidwa: kutsogolo madzi, kumbuyo paki. Kuponya ukonde pasanathe mamita 100 kuchokera pa gombe la paki kapena pa zilumba zake kunaletsedwa. Mayi wofuna nkhuni m'phiri anayenera kukhala ndi chilolezo, ndipo zotola zake ndi zouma zokha. Tsono taganizani, mudzi umene malire ake anakhomedwa mu 1980 lero uli ndi anthu oposa 10,000. Kumene ungakulire kulibe. Ndiye kuti dera lililonse la mchenga limene mlendo watenga, wina wa m'mudzi wapanikizika.

Pakiyi inakoka alendo atsopano, anyamata ndi atsikana a ku Ulaya, America ndi Australia aja oyenda ndi zikwama zikuluzikulu kumsana. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, Cape Maclear inatchuka kwabasi pakati pa oyenda ulendo wapamtunda wochoka ku Nairobi kupita ku Cape Town. Nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, inali itatseka magombe a kumeneko, choncho wofuna mchenga ndi madzi ankakhotera kuno. Anthu a m'tauni ankawaseka alendo amenewa, amvekere azungu osauka, osasamba, okangana ndi wogulitsa tomato chifukwa cha matambala. Koma funsani a kwa Chembe. Mzungu wosaukayo ankagona m'chipinda cha munthu wa m'mudzi kapena m'tenti pabwalo pake, ndipo ankakhala sabata ziwiri, zitatu, mwina mwezi wathunthu. Tomato, anyezi, mazira ndi zitumbuwa ankagula pamsika wa m'mudzi. Zovala ankachapitsa kwa amayi a pomwepo. Anyamata ankamupalasira ku Thumbi kukaona mbuna ndi kuponyera nkhwazi nsomba, masana n'kumuotchera kampango pamiyala, mpunga uli pambali. Ndalama yake inali yochepa, inde, koma inkagwera m'dzanja la mwini mudzi osadutsa ku ofesi ya ku Blantyre kapena ku London.

Apa ndiye pagona kusiyana kwa hotela ndi nyumba yodziphikira. Hotela ili ndi sitolo yake ndi galimoto yake yokaoda katundu kutauni, ndipo mlendo wake angathe kubwera n'kubwerera osalonjerana ndi munthu wa m'mudzi ngakhale mmodzi. Wodziphikira njala imamutulutsa pageti. Afune asafune adzafunsa mtengo wa usipa, adzadziwa dzina la mayi wogulitsa nkhuni, ndipo adzamva kuti lero nsomba kulibe chifukwa mwezi wawala, nyali za asodzi sizinakope kanthu.

Tisanamizane, sikuti zonse zinali zokoma. Ana ena anathawa sukulu atapeza kuti kutsatira mzungu kumalipira msanga kuposa kutsatira aphunzitsi. Malonda a chamba anakula. Kunabweranso likodzo. Kale anthu ankanena kuti Nyanja ya Malawi ilibe matendawa, koma mu 1996 magazini ya madokotala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti alendo ambiri ankawatenga m'nyanjayi, makamaka pa Cape Maclear. Akatswiri ena anapeza kuti nsomba zimene zimadya nkhono zofalitsa likodzo zinali zitachepa m'madzi osaya kaamba ka makoka a maso ang'onoang'ono. Mlendo ankamwa mapiritsi akafika kwawo n'kuchira. Mwana wa kwa Chembe ankabwerera m'madzi omwewo m'mawa mwake.

Chitabwera chipani chambiri mu 1994, amalonda akunja ndi a m'tauni anayamba kumanga malo ogona a njerwa ndi makoteji amakono kutsata gombe lonse. Ntchito zinapezeka, ndipo ubwenzi wina unabala zipatso zooneka. Chipatala cha Billy Riordan Memorial, chimene chinatsegulidwa mu 2004, anachiyambitsa ndi mayi wa ku Ireland amene mwana wake anamira m'nyanjayi mu 1999. Koma nkhani ya malo ndiyo inakula. Gombe kwa msodzi si poonera dzuwa likamalowa ayi. Ndi pokocheza bwato, posokera chilimira, poimika thandala loyanikapo usipa. Kwa mayi ndi potunga madzi, pochapa ndi potsuka mbale. Malo a makolo akalembedwa pa lizi, kawirikawiri sabwereranso, ndipo ndalama imene banja linalandira imatha chaka chisanathe pamene nyumba ya mlendo ikhalapo mpaka zidzukulu. Kwa Chembe zinthu zikadali bwinoko poti malo a alendo ndi nyumba za eni mudzi n'zosakanikirana, ndipo munthu angathe kuyenda pamchenga mabwato ali uku, mipando ya alendo ili uko. Koma yendani pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay muone mipanda ina mmene inatsikira mpaka m'madzi, anthu n'kumazungulira mtunda wautali kuti apeze njira ya kudoko.

Zaka zaposachedwapa zakumbutsa aliyense kuti mwini gombe ndani. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseka maulendo a ndege, malo ogona anangoti zii, ndipo amene anachotsedwa ntchito anabwerera ku ukonde. Mu 2024 nyanja inadzaza kwambiri n'kulowa m'makoteji ndi m'mahotela ambiri amene anamangidwa m'mphepete penipeni mwa madzi m'boma la Mangochi. Chambo nacho, chimene bwana wa kale ankachigula pakhonde, chikusowa, moti mu 2018 bungwe la IUCN linachiika m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Amishoni anachoka, ndege zinachoka, azikwama anachepa. Chimene chadyetsa mudziwu nthawi yonseyi ndi bwato.

Tsono lero mlendo wodziphikira kawirikawiri si mzungu ayi. Ndi inu ndi ine, anthu a ku Namiwawa, ku Area 47 ndi ku Chilomoni. Ndipo ife tili ndi kachizolowezi kamene mzungu wachikwama analibe: timagula zonse kutauni, ndi mchere womwe, n'kukafika kunyanja galimoto ili mbuu, kutseka geti, kukweza wailesi. Pochoka timasiya mabotolo ndi mapepala apulasitiki pamchenga. Tikatero tasanduka hotela ya 1949 ija, kungosiyana khungu.

Choncho ulendo ukubwerawu siyani malo m'buti. Ufa ndi mafuta tengani, koma ndiwo, tomato ndi zipatso mukagule komweko, ndipo musakanganire mtengo ngati mukugula kaunjika ku Limbe, poti munthuyo wachezera pamadzi usiku wonse inu muli m'tulo. Mu Novembala ndi Disembala, pamene boma limaletsa makoka a chambo kuti chiswane, wina akakubweretserani tiana ta chambo pakhonde mukanitsitse. Khukhi ndi mlonda muwapatse kangachepe m'manja mwawo. Ndipo ngati Mulungu wakudalitsani moti mukufuna kumanga koteji yanuyanu, musanakhome mpanda yambani mwafunsa amfumu ndi amayi a pamudzipo kuti njira ya kudoko imadutsa pati.