Mafilimu amene anthu anakomoka nawo, ena mpaka kukathera kukhoti

Mu February 1980, filimu ya Cannibal Holocaust itangoonetsedwa masiku khumi mu mzinda wa Milan ku Italy, khoti linalamula kuti ilandidwe, ndipo mkonzi wake, Ruggero Deodato, anaimbidwa mlandu. Filimuyo imasimba za achinyamata anayi ojambula makanema amene analowa m'nkhalango ya Amazon osabwerako, ndipo zimene woonera amaona ndi zithunzi zomwe akuti zinatoledwa m'makamera awo. Deodato anajambula kamera ikugwedera, zithunzi zili mbuu, moti imfa za anthuwo zinkaoneka zenizeni. Mwiniwake ankasimba mpaka kuukalamba kuti anamuganizira kuti anaphadi osewera ake, ndipo kudziyeretsa kunavuta chifukwa anali atawasainitsa pangano loti asaonekere pagulu chaka chathunthu. Akuti anachita kuwasakasaka kuti anthu awaone ali moyo. Munthu sanafe ndi mmodzi yemwe, koma nyama zinafadi: kamba wamkulu wam'madzi, anyani ndi nkhumba anaphedwa kamera ikujambula.

Mafilimu oopsa alipo ambirimbiri, ndipo ochuluka amaiwalika magetsi akangoyaka m'holo. Koma pali ena ochepa amene anthu amati sadzawaoneranso, omwe amamusowetsa munthu tulo patapita zaka. Mbiri yawo ikusonyeza kuti kuchuluka kwa magazi si kumene kumawapatsa mphamvu. Pafupifupi onse amamulanda woonera mawu amene amadzitonthoza nawo, akuti ndi filimu chabe.

Nkhani yakale kwambiri ndi ya sitima yapamtunda imene abale awiri, Auguste ndi Louis Lumière, anajambula ikufika pa siteshoni ya La Ciotat ku France. Pamamveka mbiri yoti mu 1896 oonera anathawa m'mipando poopa kuti sitimayo iwaponda, koma akatswiri ambiri a mbiri ya kanema amati imeneyo ndi nthano. Mmodzi mwa oyamba kufuna dala kuzunza maso a anthu anali Luis Buñuel, amene mu 1929 anapanga Un Chien Andalou pamodzi ndi katswiri wojambula zithunzi Salvador Dalí. Filimu ikangoyamba, bambo amanola lumo n'kucheka diso la mayi amene wakhala phee pampando. Diso lochekedwalo linali la thole lakufa, koma ngakhale lero amene akudziwa zimenezi amatsinzinabe.

Mu 1932 kampani ya MGM ku America inatulutsa Freaks. Mkonzi wake, Tod Browning, sanaveke osewera zigoba kapena kuwapaka utoto. Anatenga anthu enieni amene ankaonetsedwa m'maseŵero oyendayenda: opanda miyendo, opanda manja, aafupi kwambiri, ndiponso mapasa obadwa olumikizana. Kampaniyo inaidula mpaka inatsala ola limodzi ndi mphindi zinayi, ndipo dziko la Britain linailetsa kwa zaka 30. Chomvetsa manyazi n'chakuti m'filimumo oipa mtima ndi aja athupi labwino, mkazi wokongola ndi chibwenzi chake chadzitho, ofuna kupha mwamuna wamfupi kuti amulande chuma. Oonera a nthawiyo anaipidwa ndi matupi a anthu olumala kuposa chiwembucho.

Za Psycho ya Alfred Hitchcock ya 1960 tingodutsapo, poti magazi otsikira m'bafa mkazi akubayidwa posamba anali chokoleti chamadzi, ndipo mpeni suoneka bwinobwino ukulowa m'thupi. Woonera amamaliza yekha m'mutu mwake. Chipwirikiti chenicheni chinabwera pa 26 December 1973 ndi The Exorcist ya William Friedkin, nkhani ya mtsikana wa zaka 12 wogwidwa ndi chiwanda ndi ansembe awiri olimbana nacho. Anthu ankaima pa mzere kunja kukuzizira, ena n'kutuluka atasanza, ena atakomoka. Ambiri mwa okomokawo sanagwe chifukwa cha gawo limene mutu wa mtsikanayo umazungulira. Anagwa pa gawo la kuchipatala, pamene madokotala amabaya mtsikanayo singano pakhosi magazi n'kutumphuka, chifukwa zimenezo zimachitikadi m'zipatala. Filimuyo inapikisana nawo pa mphoto khumi za Oscar n'kupata ziwiri, koma ku Britain tepi yake inachotsedwa m'masitolo ndipo inadzaloledwanso mu 1999.

Patapita zaka ziwiri kunatuluka filimu imene sisowa pa mndandanda uliwonse wa mafilimu osautsa. Salò ya Pier Paolo Pasolini imachitika kumpoto kwa Italy m'masiku omaliza a ulamuliro wa Mussolini. Akuluakulu anayi, mfumu yachuma, bishopu, woweruza milandu ndi pulezidenti, amagwira achinyamata 18 n'kuwatsekera m'chinyumba, kuwazunza motsatira malamulo amene adzilembera okha, mpaka kuwadyetsa zonyansa. Mulibe nyimbo zoopseza, mulibe wobwera kudzapulumutsa. Kumapeto nkhanzazo timaziona patali, kudzera m'magalasi oonera kutali amene mmodzi wa akuluakuluwo wagwira ali pawindo, ndiye kuti tikuonera limodzi naye. Pasolini ankafuna kusonyeza zimene ulamuliro wopanda woudzudzula umachita ndi thupi la munthu. Iye anaphedwa mwankhanza ku Ostia pa 2 November 1975, filimuyo isanatuluke. Dziko la Australia linailetsa, kuilola mu 1993, kuiletsanso mu 1998, n'kudzailolanso mu 2010.

Kubwera kwa matepi a vidiyo kunasintha zonse, chifukwa filimu imene wapakhomo la holo akanabweza nayo mwana tsopano inalowa pabalaza. Ku Britain manyuzipepala ndi mayi wina womenyera makhalidwe abwino, Mary Whitehouse, anakuwa mpaka ofesi ya mkulu woimira boma pa milandu inalemba mndandanda umene unafika mafilimu 72, ndipo 39 mwa iwo makhoti anawapezadi olakwira lamulo. Mu 1984 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo loti tepi iliyonse iziyamba yaunikidwa. Chimene chinatsatira n'chodziwikiratu: mndandandawo unasanduka kalozera wa achinyamata, ndipo mafilimu ambiri achabechabe amene akanaiwalika akugulidwabe lero chifukwa choti analembedwapo.

Kuno kwathu lumo la boma linali lakuthwa kuposa pamenepo. Bungwe lounika mabuku ndi mafilimu, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968 m'nthawi ya Kamuzu Banda, linkadula ngakhale popsompsonana, choncho mafilimu ngati Salò analibe polowera. Mantha athu anadzabwera ndi mafilimu a ku Nigeria, amene njira yawo inatsegulidwa ndi Living in Bondage ya 1992, nkhani ya mwamuna wopereka mkazi wake ngati chizimba kuti alemere, mzimu wa mkaziyo n'kumamutsata. Luso lojambulira mafilimu otere linali lotsika, magazi ankaoneka kuti ndi utoto, koma ana otuluka m'tinyumba ta vidiyo ta m'misika ankaopa kuyenda okha usiku, poti za kukhwimira chuma anali atazimva kale kunyumba ngati nkhani yoona.

Kwa ine filimu yolemera kuposa onsewa ilibe chiwanda kapena wakupha wovala chigoba. Ndi Come and See ya 1985, imene Elem Klimov anapanga ku Soviet Union atadikira chilolezo pafupifupi zaka zisanu ndi zitatu. Imatsata mnyamata wa ku Belarus dzina lake Flyora, amene mu 1943 wafukula mfuti mumchenga n'kulowa gulu la zigawenga zolimbana ndi asilikali a Hitler, akumwetulira ngati akupita kukasewera mpira. Akabwerera kwawo amapeza m'nyumba muli zii, chakudya chikadali chofunda, ntchentche zili ng'waa. Amathamanga kukafuna amayi ake ndi alongo ake osacheuka, koma mtsikana amene ali naye amacheuka, ndipo kwa kamphindi kochepa timaona mulu wa mitembo kuseri kwa nyumba. Kamera sibwererakonso.

Kenaka pamabwera gawo lalitali limene anthu a mudzi wonse amatsekeredwa m'nyumba yamatabwa n'kutenthedwa, asilikali akuseka, akumwa, akuombera m'manja, wina akujambulitsa chithunzi mfuti ili pamutu pa mnyamatayo. Klimov sanapeke zimenezi. Pa 22 March 1943 anthu 149 anaphedwa motero m'mudzi wa Khatyn, ndipo filimuyo imatha ndi chiwerengero cha midzi 628 ya ku Belarus imene inatenthedwa pamodzi ndi eni ake. Ales Adamovich, amene analemba naye nkhaniyo, anamenya nawo nkhondoyo ali mnyamata, ndipo Klimov mwiniyo anathawa ku Stalingrad ali mwana, kuwoloka mtsinje wa Volga mzinda ukuyaka. Pojambula ankaombera zipolopolo zenizeni pamwamba pa mutu wa wosewerayo, Aleksei Kravchenko, amene anali asanakwane zaka 16. Nkhope yake imayamba ili ya mwana n'kutha ili ya nkhalamba yamakwinya. Klimov anakhala ndi moyo mpaka 2003 koma sanapangenso filimu ina.

Chaka chimodzi Come and See isanatuluke, wailesi yakanema ya BBC inali itaulutsa Threads, yosonyeza bomba la nyukiliya litagwera mzinda wa Sheffield, ndipo inakambidwa moziziritsa nkhongono ngati lipoti la boma, ndi ziwerengero za akufa zikulembedwa pagalasi.

Akonzi a m'zaka zotsatira anayamba kulimbana ndi woonera maso ndi maso. Mu Funny Games ya 1997, Michael Haneke amaonetsa anyamata awiri aulemu, ovala zoyera, akuzunza banja m'nyumba mwake. Mayi wa m'nyumbamo akawombera mmodzi, oonera n'kupuma, mnzakeyo amatola rimoti n'kubweza filimuyo m'mbuyo kuti mnzake asafe. Mu 2002, pa chionetsero cha Cannes, anthu oposa 200 anatuluka m'holo osamaliza Irréversible ya Gaspar Noé, imene nkhani yake imayambira kumapeto, ndipo muli gawo la kugwirira mkazi lotenga mphindi pafupifupi zisanu ndi zinayi kamera osasuntha. Noé anaikamonso kaphokoso kapansipansi komwe khutu silikamva bwino koma kamachititsa nseru. Pamenepa mkangano ndi wakale ndipo sunathe: ena amati nkhanza ziyenera kuwawa kuziona, ena amati uku n'kugulitsa ululu wa akazi. Pa mafilimu ngati A Serbian Film ya 2010, imene a ku Britain anadulako mphindi zoposa zinayi, ine sindivutika kusankha mbali. Ndi mpikisano wa kunyansa basi, ndipo umatopetsa msanga.

Mu 2012 Joshua Oppenheimer anatulutsa The Act of Killing, yomwe ilibe osewera. Ku Indonesia, mu 1965 ndi 1966, anthu osachepera 500,000 anaphedwa powaganizira kuti ndi achikomyunizimu, ndipo opha aja sanaimbidwe mlandu. Ambiri anakalamba akulemekezedwa. Oppenheimer anawapempha kuti asewere zimene anachita, mwa njira iliyonse imene angakonde, ndipo anavomera mokondwa. Mmodzi wa iwo, Anwar Congo wa ku Medan, gogo wokonda zidzukulu zake, ankagulitsa matikiti a kanema ali mnyamata ndipo amanena poyera kuti njira zina zophera anazitengera m'mafilimu a ku America. Amakwera padenga la nyumba ina, kusonyeza m'mene ankapotolera anthu ndi waya kuti magazi asachuluke, akatero n'kuvina. Pambuyo pake amasewera ngati wophedwayo, waya uli m'khosi mwake, ndipo amalephera kupitiriza. Atabwerera padenga lija usiku, thupi limamukana, amangogeya ndi kufuna kusanza osatuluka kanthu. Mpaka lero oonera amatsutsana ngati kunali kulapa kapena seweronso. Anwar Congo anamwalira mu 2019 osaonekerapo kukhoti, ndipo anthu a ku Indonesia ambiri amene anagwira ntchito pa filimuyo, kuphatikizapo mmodzi wa akonzi ake, maina awo sanalembedwe kumapeto kwake poopa kuphedwa.