Mlendo ndi Mame: Zimene Ana a ku Magomero Akutiphunzitsa

Tikamakamba za ana amasikini amene amatitambasulira dzanja pa Victoria Avenue, pa Wenela kapena pa mlatho wa Lilongwe, timayankhula ngati nkhaniyi inayamba dzulo. Ena amati inabwera ndi matipate, ena amati ndi Edzi. Koma funso loti mwana wopanda pogona asungidwe ndi yani, nanga asungidwe motani, ndi lakale ngati mpingo weniweniwo m'dziko muno. Mishoni yoyamba isanamange n'komwe tchalitchi, inali itayamba kale kudyetsa ana.

Tiyeni tibwerere m'chaka cha 1861. Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA, ya mpingo wa Anglican, ankakwera mapiri kuchokera kwa Chibisa ku Chikwawa pamodzi ndi David Livingstone. Pa 16 Julaye, m'mudzi wa Mbame, anakumana ndi mdipiti wa akapolo amene ankapita nawo ku Tete. Ogwira akapolowo anathawa, magoli anadulidwa, ndipo anthu 84 anamasuka. Ambiri anali amayi ndi ana. Kwawo kunali kutapasuka, nanga akanalowera kuti? Anatsatira azunguwo mpaka ku Magomero, m'boma limene lero timati Chiradzulu, kwa mfumu Chigunda.

Apo bishopu anangozindikira kuti wasanduka bambo wa banja lalikulu. Anagula chimanga, anatsuka zilonda, anayambitsa kasukulu. Analowereranso nkhondo ya Amang'anja ndi Ayao, mfuti m'manja, ndipo anthu ena omasulidwa anawonjezekera pamudzipo. Mmodzi mwa iwo anali kamtsikana kodwala, dzina lake Daoma, kamene bishopuyo anakanyamula paphewa.

Chifundo chimenechi sindikuchinyoza ayi. Koma taonani chimene chinatsatira. Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862, pamene Ruo amathira mu Shire. Otsalawo anasamukira kwa Chibisa. Chilala chinagwa, njala inavuta kwambiri mu 1862 ndi 1863 mpaka mitembo inkayandama mu Shire, ndipo amishoni enanso anamwalira. Mu 1863 kunabwera bishopu watsopano, William Tozer. Iye atawerenga manda ndi ndalama zotsala, anagamula kuti mishoni ichoke, ipite ku phiri la Morambala ku Mozambique. Chaka chotsatira inapitirira mpaka ku Zanzibar.

Nanga ana aja? Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Tozer anavomera kutenga anyamata oti aziwaphunzitsa, koma amayi ndi atsikana anati atsale. Horace Waller, amene sanali wansembe pa nthawiyo, anakana kwamtuwagalu. Kuwasiya m'dziko la njala ndi nkhondo kunali kuwabwezera m'goli. Livingstone anagwirizana naye, ndipo mu 1864 anthuwo anatsika nawo mtsinje m'sitima zake. Waller anapita ndi ambiri a iwo ku Cape Town.

Tozer sanali chilombo, abale anga. Anali munthu wowerengera thumba, monga amachitira aliyense woyendetsa bungwe. Koma maganizo ake ndi amene akutivuta mpaka lero, oti mwana ndi wathu, amake ndi a eni. Mwana amaoneka bwino pa chithunzi, amaphunzitsika, amaimba kwaya. Mayi wosauka ndi katundu wolemera, alibe womufuna.

Ana atatu a ku Magomero tikudziwa kumene anathera. Daoma anabatizidwa dzina loti Ann, nadzakhala mphunzitsi pa nyumba ya ana amasiye ya St George's ku Cape Town, kulera ana a ena monga anam'lerera iye. Chuma ndi Wikatani anawoloka nyanja ndi Livingstone kupita ku Bombay, kumene analowa sukulu ya mishoni. Chuma ndi uja anadzanyamula mtembo wa Livingstone pamodzi ndi Susi, kuchokera kwa Chitambo ku Zambia mu 1873 mpaka ku Bagamoyo. Akuluakulu sananame, mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Koma amene amandigwira mtima ndi Wikatani. Mu 1866, ulendo wa Livingstone utafika kwa Mponda ku Mangochi, mnyamatayu ananena kuti wapeza abale ake, ndipo anatsala komweko. Tangoganizani, munthu woti waona Bombay, wagwira buku, wavala bwino, n'kusiya zonsezo chifukwa cha mawu oti "achimwene". Anthu ena anaona ngati kusayamika. Ine ndikuona mwana amene anapatsidwa zonse kupatula chimodzi, chimene ankachifuna zaka zisanu zonsezo.

Patapita zaka zoposa 100, ana anabalalikanso, ulendo uno popanda magoli. Edzi, imene inapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, inatenga makolo ali anyamata. Chilala cha 1992 ndi njala ya 2002 zinakhuthula nkhokwe. Sukulu ya pulayimale inakhala yaulere mu 1994, komatu mwana wanjala samva belu. Agogo otsala ndi zidzukulu zambirimbiri analephera, ndipo ana analowera m'tauni.

Mipingo inadzukanso, ndipo ina inasankha njira ya Waller. Mu 1998 mpingo wa Living Waters unayambitsa Chisomo Children's Club mu Blantyre. Ku Lilongwe, masisitere a Chikatolika a Missionary Sisters of Our Lady of Africa anayambitsa Tikondane. Ntchito ya mabungwe awiriwa sinakhale youndira ana m'nyumba ya mpanda. Amayamba ndi kupalana ubwenzi ndi mwanayo pamsewu pomwepo, kum'patsa posamba ndi podyera, kenaka n'kuyamba ulendo wovuta wofufuza kwawo, kukambirana ndi abale, ndi kum'bwezera kusukulu. Ogwira ntchito yotereyi amapeza kuti ambiri mwa ana amene timawatcha amasiye ali ndi kholo kapena mbale wamoyo. Chinawathamangitsa ndi mphika wosatereka, ndewu za m'nyumba, kapena bambo wopeza wankhanza.

Njira imeneyi ndi yochedwa ndiponso yosakoma kujambula. Pena mwana amathawanso. Pena kwawo kumakhala koopsa moti sangabwererekonso, ndipo pamafunika banja lina. Komabe Magomero akutiuza chifukwa chake tiyenera kuipirira. Mlendo ndi mame. Bishopu amamwalira, wina amabwera ndi maganizo ena, opereka thandizo a kunja amatembenukira dziko lina. Mame akakamuka, mwana amatsala ndi amene anali nawo poyamba, ndipo ngati amenewo sitinawathandize kuima paokha, ndiye kuti tam'siya pa mtetete.

Tsono inu akumpingo anzanga, mukamasonkha za ana ovutika Lamulungu likudzali, kapena mukamakonza phwando lawo la Khirisimasi, funsani funso limene Waller anafunsa Tozer: nanga amayi awo? Mpunga wa tsiku limodzi ndi wabwino ndithu. Koma mpamba wa geni m'manja mwa mayi, kapena thumba la fetereza kwa agogo, ndi zimene zingachititse kuti mwana uja agone kwawo ngakhale ife titaiwala dzina lake.