Mbiri ya Koloko Yobisika M'masamba

Nkhani yathu ya lero mungathe kuiyesa nokha madzulo ano osataya ngakhale tambala. Amene muli ndi kadimba ka nyemba kapena mtedza kuseri kwa nyumba, kaya ndi ku Chinyonga kuno ku Blantyre, kaya ku Ndirande, Bangwe kapena kumudzi, tulukani ndi nyali dzuŵa litaloŵa. Mudzapeza masamba a mtedza atapindana aŵiriaŵiri, ndipo a nyemba atazolika. M'maŵa onse adzatambasukanso. Ambiri timati mbeu zagona chifukwa kwada. Koma kodi ndi mdima umene umazigoneka, kapena mbeuzo zimadziŵa nthaŵi pazokha? Funso limeneli lasautsa anthu ophunzira kwa zaka zoposa 2,000.

Woyamba amene mbiri imamkumbukira pa nkhaniyi ndi Androsthenes, Mgriki woyendetsa zombo za mfumu Alexander Wamkulu zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe. Iyeyu, atafika pa chilumba chimene lero ndi Bahrain, anaona mtengo umene akatswiri amati unali bwemba, ukutsekula masamba usana ndi kuŵatseka usiku. Kwa zaka mazana ambiri anthu anakhutira ndi yankho lakuti masamba amangomvera dzuŵa.

Yankholi linagwedezeka m'chaka cha 1729. Katswiri wa za nyenyezi wa ku France, Jean-Jacques d'Ortous de Mairan, anatsekera mu mdima kachitsamba kotchedwa Mimosa, kamene masamba ake amapindika ukangoŵakhudza. Ngakhale kachitsambako sikanali kuona dzuŵa, kanapitiriza kutambasula masamba m'maŵa ndi kuŵapinda madzulo. Patapita zaka zoposa 100, mu 1832, Augustin de Candolle wa ku Geneva anasimba kuti Mimosa wosungidwa poŵala usana ndi usiku amamaliza ulendo wake wa tsiku m'maola 22 kapena 23, osati 24. Umenewu unali umboni wamphamvu, pakuti wotsatira dzuŵa sangafulumire kuposa dzuŵalo. Chofulumira kapena kuchedwa ndi koloko imene ikuyenda payokha.

Charles Darwin ndi mwana wake Francis analemba buku lonse la kayendedwe ka zomera mu 1880, ndipo anaganiza kuti masamba amapindika pofuna kupeŵa kuzizira kwa usiku. Kenaka m'zaka za m'ma 1930 Erwin Bünning wa ku Germany, pokwatitsa mitundu ya nyemba, anapeza kuti liŵiro la koloko imeneyi ndi lobadwa nalo, lochokera kwa makolo a mbeuyo.

Alimi a fodya a ku Kasungu ndi Mchinji akondwa kumva kuti mbeu yawo ili ndi gawo m'mbiri imeneyi. Ku America kunali fodya wotchedwa Maryland Mammoth amene ankangotalika dzinja lonse osachita maluŵa. Mu 1920 Wightman Garner ndi Harry Allard anafotokoza chifukwa chake: atamamtsekera m'chisakasa cha mdima kwa maola angapo tsiku lililonse, fodyayo anachita maluŵa. Anali kudikira masiku afupiafupi. Bünning ndiye anadzalumikiza nkhani ziŵirizi mu 1936, nati koloko yogoneka masamba ndi yomweyo imene mbeu imayezera kutalika kwa tsiku, nidziŵa nyengo ya chaka.

Nanga kolokoyo ili pati? Thupi la chomera ndi lomangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo, monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa. Mu 1995 Andrew Millar ndi Steve Kay pamodzi ndi anzawo anagwiritsa ntchito mphamvu imene imaŵalitsa chiphaniphani, naiika m'kachomera kotchedwa Arabidopsis. Kachomerako kanali kuŵala ndi kuzirala motsata koloko yake, ndipo mwa njira iyi anayamba kupeza tizigawo ta chibadwa timene timayendetsa kolokoyo. Mu 2018 gulu la James Locke ku Cambridge ndi anzawo a ku Liverpool linapenya selo limodzilimodzi. Linapeza kuti selo lililonse lili ndi koloko yakeyake, kuti makoloko a kunsonga ya muzu amafulumira kuposa a mbali zina za muzuwo, ndi kuti maselo oyandikana amakonzerana nthaŵi.

Apa mpamene chomera chimasiyana ndi munthu. Ife tili ndi koloko yaikulu mu ubongo imene imatsogolera makoloko ena onse a m'thupi, monga momwe wailesi imalengezera nthaŵi ku dziko lonse. Chomera chilibe ubongo. Chili ngati mudzi wopanda wailesi, m'mene nyumba iliyonse ili ndi wotchi yake, anthu nkumafunsana nthaŵi pa mpanda, ndipo onse nkumakonza mawotchi awo dzuŵa likatuluka.

Phindu la koloko imeneyi ndi lalikulu. Mu 2005 Antony Dodd ndi anzawo ku Cambridge anaonetsa kuti chomera chimene koloko yake ikugwirizana ndi kutalika kwa usana ndi usiku chimapanga chakudya chambiri ndipo chimakula bwino kuposa chinzake chosokonezeka. Mu 2010 akatswiri a ku Norwich anapeza kuti chomera chimadya mwadongosolo chakudya chimene chasunga m'masamba masana, kuti chithe m'bandakucha, monga mayi wanzeru woyeza ufa kuti ufike pa kukolola. Nayenso mpendadzuŵa, amene makolo athu anamtcha dzina loyenera, amatsata dzuŵa akali wamng'ono, ndipo usiku amatembenukira kum'maŵa kusanache. Mu 2016 akatswiri a ku California anatsimikiza kuti ndi koloko imene imamtembenuza.

Kwathu kuno umboni uli m'minda ya nandolo ya Chigawo cha Kum'mwera. Ku Blantyre usana umatenga pafupifupi maola 13 mu December, ndipo umatsika kufika pa maola 11 ndi mphindi zochepa mu June. Nandolo wa makolo amabzalidwa pamodzi ndi chimanga pa mvula yoyamba, koma amadikira mpaka masiku atafupika ndi kuzizira, chimanga chitakhwima, ndipo apo mpamene amachita maluŵa. Nchifukwa chake mbeu yochokera ku maiko akutali, kumene masiku amatalika mosiyana ndi kwathu, nthaŵi zina imachita maluŵa isanakule kapena imachedwa mpaka chinyezi chitatha. Ntchito ina ya malo ofufuzira zaulimi monga Chitedze ndi Bvumbwe ndiyo kuyesa mbeu zotere m'nyengo yathu zisanafike kwa alimi. Choncho, omvera athu, pogula mbeu yachilendo yambani mwafunsa alangizi ngati inayesedwa kuno, pakuti mbeu iliyonse imabwera ndi koloko ya kwawo.