Khansa ya Thumba la Ndulu ndi Kubwereranso Kwake Pambuyo pa Opaleshoni ya Timabowo

Thumba la ndulu lili kunsi kwa chiwindi, chakumanja kwa mimba, ndipo madokotala amalichotsa kawirikawiri kaamba ka timiyala timene timapangika m'kati mwake. Kale ankang'amba mimba. M'chaka cha 1985 dokotala wina wa ku Germany, Erich Mühe, analichotsa podzera pa timabowo tating'ono, ndipo njira imeneyi inafala chifukwa wodwala amachira msanga.

Tsono khansa ya m'thumbali ndi yobisalira. Pa anthu 200 ochotsedwa thumba chifukwa cha timiyala, pafupifupi mmodzi kapena awiri amapezeka kuti anali nayo, ndipo izi zimadziwika opaleshoni itatha kale, akalipima ku labotale. Ngati thumbalo linabooka pochotsa, ndulu n'kutayikira m'mimba, kapena linakhudza mnofu potuluka pa kabowo, maselo a khansa amatha kutsalira. Motero matendawa amatulukiranso pachipsera, m'chiwindi kapena pa nembanemba yokuta matumbo, makamaka m'zaka ziwiri zoyamba. Chisanafike chaka cha 2000, pafupifupi odwala 18 pa 100 otere ankamera chotupa pachipsera. Chiwerengerochi chinatsika kufika pa 10, ndipo lero thumbalo amayamba alikulunga m'kajumbo asanalitulutse.

Si chilungamo kuimba mlandu timabowo tokha. Chimene chimalemera kwambiri ndi kuya kumene khansa inafika. Ikakhala pakhungu la m'kati lokha, kuchotsa thumba n'kokwanira. Ikafika mu mnofu wa thumbalo kapena kupitirira, pamafunika opaleshoni yachiwiri, makamaka pakati pa milungu 4 ndi 8, yodula mbali ya chiwindi yoyandikana nalo pamodzi ndi mwanabere wa pafupi. Ambiri amapatsidwanso mankhwala a capecitabine kwa miyezi 6. Kudula zipsera zokha, kumene kale kunkachitika, sikunaoneke kuti kumatalikitsa moyo.

Inu amene mumayendera odwala, akumbutseni kukatenga zotsatira za ku labotale ngakhale akumva bwino, pakuti apa ndi pamene nthawi imatayikira. Chotupa cholimba pachipsera, chikasu m'maso, mkodzo woderako, kuyabwa thupi lonse, kuwonda ndiponso ululu wosatha chakumanja kwa mimba ndi zizindikiro zofunika kubwerera nazo kuchipatala msanga, atanyamula makalata onse a opaleshoni yoyamba ija.